Thumba Limatsika, Silikwera

Aliyense wogula chakudya cha nkhuku amagula zinthu ziwiri, ngakhale kuti pa lisiti amangomulembera chimodzi. Choyamba ndi chakudyacho, chimene chimatha m'masiku owerengeka. Chachiwiri ndi thumba, limene limatsala pakhomo nkhuku zimene zinadya za m'kati mwake zitagulitsidwa kalekale. Nkhuku zanyama 100, kuchokera tsiku limene zafika zili anapiye kufikira zitakwanitsa masabata 6, zimamaliza matumba 7 kapena 8 a makilogalamu 50. Nkhuku zoikira mazira 100 zimakhuthula thumba limodzi pafupifupi masiku 4 alionse, ndiye kuti pakutha pa chaka mwini wake amakhala ndi matumba oposa 80. Mukaonjezapo a gaga wa nkhumba ndi a chakudya cha ng'ombe zamkaka, mudzaona kuti m'midzi ndi m'matauni athu, kuyambira ku Mchinji kukafika ku Chipata ndi ku Angónia, muli mulu waukulu wa matumba amene wowapanga sanawakonzere kopita.

Matumba amenewa sakhala manja lende. Amasunga chimanga, amayanika mphale, amatchinga mphepo kukhola, amanyamula manyowa, amamera ndiwo zamasamba, mpaka amasanduka chingwe chomangira mbuzi. Mlendo angaganize kuti ntchito zonsezi zimachitika mwachisawawa, aliyense kungotola thumba limene lili pafupi. Pakhomo pamene ndinakulira sizili choncho. Amayi anga, amene akhala akuweta nkhuku kwathu ku Mchinji kuyambira ndili ku pulayimale, amayendetsa matumba awo ndi lamulo limodzi lalifupi: thumba limatsika, silikwera. Limayambira pa ntchito yofuna ukhondo kwambiri, likafooka kapena kuda limatsikira ku ntchito yotsatira, ndipo silibwereranso kumene lachokera ngakhale litachapidwa motani. Ndikufuna nditsike nanu makwerero amenewa limodzi, chifukwa m'lamulo la mawu atatuli muli nzeru yoteteza mimba za ana, moyo wa ziweto ndi ndalama za mlimi, ndipo nzeruyo sinalembedwe pa thumba lililonse.

Tiyambe ndi dzina, poti chinenero ndicho chimatilumikiza. Liwu lathu lakale ndi thumba, pochulukitsa timati matumba. Mpweya umene umamveka pa th umasowa tikaika ma- patsogolo, monga zilili ndi khola ndi makola, phiri ndi mapiri, khasu ndi makasu. Akatswiri a zinenero za Chibantu amafotokoza kuti mayina a gulu limeneli kale anali ndi mphatikiri wawo kumayambiriro, amene anafota m'kupita kwa nthawi n'kusiya chipsera pa lembo loyamba. Chipsera chomwecho timachiona mu tsiku ndi masiku, tsamba ndi masamba, tsoka ndi masoka. Tsono taonani liwu lachiwiri, saka, pochulukitsa masaka, limene azakhali anga okwatiwa kufupi ndi Chipata amalikonda kuposa thumba, ndipo kwathu limamvekanso. Likanakhala mbadwa tikanati tsaka. Kusowa kwa t ameneyo kumaulula kuti ndi lobwera, ndipo kochokera sikovuta kukuloza, popeza Chingerezi ndi Chipwitikizi, zinenero zimene zinatizinga mbali zonse, zili ndi liwu lofanana nalo.

Liwu lachitatu ndi chiguduli. Ili ndi dzina la thumba lofiirira, lokhakhala, lolukidwa ndi ulusi wa zomera, limene agogo anga ankapita nalo kumsika wa ADMARC litadzaza makilogalamu 90. Ambiri a msinkhu wanga amalidziwira kutchalitchi, chifukwa Buku Lopatulika la 1922 linasankha liwu limeneli potchula chovala cha munthu wolira kapena wolapa. Chiguduli chinali ndi khalidwe limodzi lofunika kulikumbukira: chinkaola. Chikatha ntchito chinkagwera pansi, chiswe ndi mvula n'kumaliza zotsala. Thumba la lero ndi lina. Limalukidwa ndi timizere topyapyala ta pulasitiki wotchedwa polypropylene, ndipo chiswe chimangolilambalala. Pulasitiki wopyapyala wa kumsika tinamupatsa dzina lakelake ku Malawi, timati jumbo, koma thumba lolukali tinangolipatsa dzina la kholo lake. Pamodzi ndi dzinalo tinasunganso chizolowezi choganiza kuti likatha lidzasowa lokha. Tidzabwerera ku mfundo imeneyi tikafika pansi pa makwerero.

Khwerero lapamwamba ndi chakudya cha anthu, ndipo si thumba lililonse limene limaloledwa kuyambira pamenepo. Amayi amalola lokhalo limene lachokera kusitolo lili losoka, lakhuthulidwira m'ndowa m'chipinda chosungiramo, ndipo silinapondepo m'khola. Potsegula sadula ndi mpeni. Amafufuza mbali imene ulusi wa pakamwa pake umasololokera, amakoka kamodzi, ulusiwo n'kuupinda kuti udzasokerenso. Kenaka amalitembenuza, amalikung'untha, amalichapa ndi sopo, n'kuliyanika mpaka liume gwa. Chifukwa chake chili m'fumbi lotsalira m'ngodya. Chakudya cha nkhuku chimakhala ndi chimanga, soya, mchere, nthawi zina nsomba zogaya, ndipo china cha anapiye amathiramo mankhwala oteteza ku matenda a m'matumbo. Fumbi limenelo limaitana makoswe, likanyowa limachita nkhungu, ndipo mankhwalawo sanapangidwire mwana wa munthu. Thumba la feteleza, la mbewu zopaka mankhwala amtundu, kapena limene linakhudzana ndi mankhwala opopera, sililoledwa n'komwe pa khwerero limeneli. Ilo limabadwira pansi.

Kufunika kwa matumba osungira chimanga kunakula ife tikuona. Nkhokwe zinayamba kuchepa m'midzi pa zifukwa ziwiri. China ndi akuba, amene anaphunzitsa anthu kugona ndi chimanga chawo m'nyumba. China ndi nankafumbwe wamkulu uja woboola ngakhale mitengo, amene analowa m'Malawi kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 atasautsa kale ku Tanzania, ndipo amakonda kwambiri chimanga chosungidwa ndi zitsononkho. Alangizi anayamba kulimbikitsa kutonola, kuthira mankhwala a ufa monga Actellic, ndi kusunga m'matumba. Thumba loluka limathandiza chifukwa limapuma: mpweya umadutsa m'timipata ta ulusi wake. Koma kupuma komweko kumapatsanso anankafumbwe mpweya, n'chifukwa chake lokha silingateteze chimanga. Matumba a PICS, amene anachokera ku kafukufuku wa Purdue University, amagwira ntchito mosiyana: ali ndi mapulasitiki awiri m'kati otsekereza mpweya kuti tizilombo tibanike, ndipo lakunja kwake ndi loluka ngati lathu lomweli.

Pali mtundu wina wa thumba la chakudya cha ziweto umene umanyenga maso. Ndi lonyezimira, losalala, lojambulidwa tambala kapena ng'ombe yonenepa, chifukwa analimatira kapulasitiki kena pamwamba pa ulusi. Limaoneka laukhondo kuposa anzake, koma silipuma. Mukathiramo mtedza kapena chimanga chimene sichinaumitsitse, chinyezi chimasowa kotulukira, ndipo chuku chimamera. Ife a ku Mchinji, kumene mtedza ndi chuma chathu, tikuidziwa nkhani ya chuku ndi poizoni wake wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi, amapinimbiritsa ana, ndipo sachoka ngakhale mutakazinga kapena kuphika. Amayi asanasoke thumba amaluma njere zingapo: yowuma bwino imasweka ndi phokoso, yachinyezi imangophwanyika mwakachetechete. Thumba lonyezimira amaliyambitsira khwerero lachiwiri, kumene kusalowa madzi kwake kumakhala mwayi.

Tisanatsike, pali msampha wina pa khwerero loyambali umene unabisala m'liwu lenilenilo. Thumba ndi chotengera, komanso ndi muyeso. Tikamafunsana kuti mwakolola matumba angati chaka chino, tonse timamva makilogalamu 50, ndipo palibe amafunsa kuti matumba ake otani. Komatu matumba sali ofanana. Chakudya cha nkhuku chogaya n'chopepuka poyerekeza ndi chimanga chotonola, choncho thumba losokedwa kuti linyamule makilogalamu 50 a chakudyacho limakhala lalikulu, ndipo likadzazidwa chimanga mpaka pakamwa limapitirira 50. Feteleza wa chitowe ndi wolemera, thumba lake ndi laling'ono, ndipo chimanga chodzaza mmenemo sichifika pa muyesowo.

Amalonda ena oyenda m'midzi nthawi yokolola amaidziwa bwino masamu amenewa. Amabwera ndi matumba awo a chakudya cha ziweto, amanena mtengo wa thumba limodzi, amagwedeza, amatsindira, n'kusokera pamlomo penipeni. Nambala 50 imene inadindidwa pathumbapo imakhala ikuyang'ana mlimi ngati mboni, chonsecho umboni wake unatha tsiku limene nkhuku zinamaliza chakudya chija. Ndaonanso zotembenuza zake: wolemba aganyu kulonjeza thumba la chimanga, tsiku lolipira n'kutulutsa thumba la feteleza. Onse awiriwa sananame ndi pakamwa, popeza anati thumba ndipo thumba laoneka. Amadyera pa mpata umene uli pakati pa matanthauzo awiri a liwu limodzi. Amayi akamagulitsa sawerenga matumba, amafuna sikelo, ndipo sikeloyo amayamba aiyesa ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Pa nkhani ya malonda, liwu lakuti thumba lizitsagana ndi nambala yochokera pa sikelo ya tsiku lomwelo.

Khwerero lachiwiri limayamba khoswe akaboola, kapena mabowo a singano akakula mpaka njere kuyamba kuthothoka. Thumba lotere limang'ambidwa m'mbali ndi pansi kuti litambasuke, ndipo 6 kapena 8 otere amasokedwa pamodzi kukhala chinsalu chachikulu. Kwathu timati tenti, pamene abale a ku Angónia amati lona, liwu la Chipwitikizi. Iyi inali ntchito yathu anafe tikatsekera sukulu, kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi singano yaikulu, ulusi wake womwe uja unasololedwa pakamwa pa matumba. Pa tenti timayanika chimanga chotonola, mphale yochokera m'madzi, ufa wochokera kuchigayo ndi mfutso wa nkhwani. Phindu lake ndi lakuti chakudya sichikhudza dothi, kumene mchenga ndi chuku zimachokera, ndipo mitambo ikada anthu awiri amangogwira m'makona n'kuthamangira nayo pakhonde. Ngakhale pamenepa pali kusiyanitsa. Tenti ya ufa ili payokha ndipo imapachikidwa m'nyumba. Ikayamba kuda imatsikira kopunthira soya ndi nyemba, ndipo siyandikiranso ufa.

Kuchokera kopunthira, chinsalu chija chimapita kukhola. Khola la nkhuku zachizungu limakhala ndi waya m'mbali kuti mpweya uzidutsa, koma m'miyezi ya Juni ndi Julaye mphepo yausiku imapha anapiye, amene m'masabata oyambirira sangathe kudzitenthetsa okha. Matumba osoka amakhala makatani: usiku amatsitsidwa, dzuwa likakwera amapindidwa kuti fungo loswa mphuno la zitosi lituluke, chifukwa fungo limenelo likatsekeredwa limadwalitsa nkhuku chifuwa ndi maso. Ena amatchingira bafa, ena amakhala chitseko cha chimbudzi, ndipo onyezimira aja amayalidwa pansi pa udzu wa denga la khitchini kuti lisadonthe. Malire aakulu pa makwerero onsewa ali pakhomo la khola. Thumba likangolowa mmenemo laoloka mtsinje, ndipo chakudya cha anthu silidzachionanso.

Khwerero lachitatu ndi la manyowa ndi dothi. Nkhuku zikagulitsidwa, utuchi wosakanizika ndi zitosi umakokoledwa n'kulongedwa m'matumba, ndipo alimi a m'madimba olima tomato ndi kabichi amagula. Chikwerereni mitengo ya feteleza, manyowa amenewa asanduka ndalama yachiwiri ya woweta nkhuku. Alimi ambiri ku Malawi aphunziranso kupanga manyowa otchedwa Mbeya, posakaniza ndowe kapena zitosi, gaga, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kuzitsekera masiku 21 m'pulasitiki wovekedwa m'thumba loluka. M'matauni, kumene bwalo la nyumba ya lendi ndi laling'ono ngati mphasa, thumba lomweli limasanduka dimba loimirira. Mumadzazamo dothi losakaniza ndi manyowa, pakati mumaika mzere wa timiyala kuchokera pansi kufika pamwamba kuti madzi azitsika mofanana, m'mbali mumaboola timabowo, n'kubzalamo mpiru, repu kapena anyezi. Matumba amene sangathenso ngakhale zimenezi amadzazidwa mchenga n'kuikidwa pamene madzi a mvula ayamba kukumba chigwembe, kapena pakhomo pa nyumba imene ili kumunsi kwa msewu.

Pa khwerero limeneli pali ngozi ina imene lamulo lotsika silinaitchule mwachindunji: thumba loyenda chammbali, kuchoka pakhomo lina kupita lina. M'misika yathu muli malo ogulitsa matumba ogwiritsidwa kale ntchito, omangidwa m'mitolo, ndipo palibe thumba limene limanena kumene lagona. Azakhali anga anaona zimenezi chaka china m'mwezi wa Okutobala. Wogula manyowa anabwera ndi matumba ake, amene anali atazungulira nawo makola ena m'deralo, ndipo anyamata ake analowa nawo m'khola momwe munali nkhuku za masabata 4. Patapita masiku ochepa nkhuku zinayamba kuodzera, kutsegula m'mimba zobiriwira ndi kupinda makosi. Mlangizi wa ziweto atafika anati ndi chitopa, ndipo atafunsa za alendo amene analowa m'kholamo, anatchula nsapato ndi matumba aja ngati njira imene matendawa amakonda kudzera. Pa nkhuku 150 zimene azakhali anagula ndi ngongole ya banki ya m'mudzi, zinatsala zosakwana 20. Amayi atapita kukawapepesa, azakhali anangoti, “Alamu, ndinkatseka chitseko poopa agalu ndi akuba, osadziwa kuti wakuba wina amalowa atapindidwa kukhwapa.”

Kachilombo ka chitopa kamakhala m'zitosi ndi m'mamina a nkhuku yodwala, ndipo ulusi woluka uli ndi timipata tambirimbiri tobisalamo. Katemera alipo, wina wongodonthezera m'diso, koma amateteza nkhuku yomwe yalandira nthawi isanathe. Kwa oweta nkhumba nkhani ndi yoopsa koposa. Chigodola cha nkhumba, chimene chimabwerabwera ku Mchinji, kuchigawo chakum'mawa kwa Zambia ndi ku Angónia, chilibe mankhwala ochiza, ndipo kachilombo kake kamapirira nthawi yaitali m'magazi ndi m'ndowe zouma. Thumba la gaga lobwerekedwa kukhola kumene nkhumba zafa likhoza kumaliza khola lonse la wobwerekayo. Malire a maiko athu atatuwa anthu amawadutsa pa njinga tsiku lililonse, matumba ali pakaliyala, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Chiyambireni tsoka la azakhali, kwathu manyowa amatulutsidwa ndi wilibala n'kuunjikidwa kunja kwa mpanda, ndipo wogula amalongera komweko.

Pansi penipeni pa makwerero thumba limaleka kukhala thumba. Timizere take timasololedwa kamodzikamodzi, n'kupotedwa pantchafu kukhala chingwe chomangira mbuzi, chotungira madzi pachitsime, kapena choyanikapo zovala. Kachidutswa kena kamakhala chokwechera mapoto, kena chotsukira zomwera nkhuku, ndipo ziwirizi sizisinthana. Amene munafikapo ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, pamene Achewa a maiko atatu amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto a Ogasiti, munaona momwe nsanza za masaka zimawirukira zilombo zikamavina pabwalo. Pamenepo ndilekeza, popeza za kudambwe zili ndi eni ake. Chimene ndinganene n'chakuti Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, sanaone chovuta kulandira ulusi wa kufakitale pamalo pamene kale pankakhala zomera za kutchire.

Kulandira kumeneku kuli ndi mbali ziwiri. Chingwe chilichonse cha saka ndi mtengo wa mombo umene sunasendedwe luzi, ndipo m'dera limene nkhalango zatha ngati lathu, chimenecho si chinthu chochepa. Koma tenti iliyonse ndi mphasa imene sinagulidwe. Malume awo a amayi ankaluka mphasa za bango ndi kupota zingwe za khonje, ndipo ankalipirira ana sukulu ndi ntchito imeneyo. Adzukulu awo sadziwa kung'amba bango. Mphasa ikadali ndi malo ake pamaliro, paukwati ndi pochereza alendo, koma ntchito yoyanikira, imene inkachititsa kuti banja lililonse ligule zingapo chaka ndi chaka, inatengedwa ndi thumba laulere. Luso likachoka m'manja, mawu ake amatsatira: mayina a mitundu ya bango, a kalukidwe, a zipangizo. Walira mvula walira matope.

Matope enieni ali kumapeto. Pulasitiki wa matumbawa amaopa dzuwa. Thumba losiyidwa panja miyezi ingapo limayamba kuyera, kenaka limafumbutuka mukaligwira, ndipo ambiri timati laola. Apa ndi pamene dzina la kholo lija likutisocheretsa. Chiguduli chinkaola, kutanthauza kuti chinkasanduka dothi. Thumba la lero limangonyenyeka kukhala tizidutswa ting'onoting'ono timene timakhalabe pulasitiki, timalowa m'mizere ya kumunda, timakokoloka ndi mvula kupita kudambo. Mbuzi ndi ng'ombe zimatafuna zidutswa zazikulupo chifukwa cha mchere wotsalira, ndipo opha nyama m'misika amadziwa mitolo ya pulasitiki imene amaipeza m'mimba mwa ziweto zoonda popanda chifukwa chooneka. Ena amayatsira moto ndi kachidutswa ka thumba chifukwa kamayaka msanga ngakhale nkhuni zili zonyowa, ndipo utsi wake umapumidwa ndi mayi wophika ndi mwana ali kumbuyo.

Boma la Malawi linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Lamulo limenelo likulimbana ndi jumbo. Thumba loluka lili kunja kwake, ndipo n'zomveka, popeza palibe mlimi angakhale popanda ilo. Choncho mathero ake ali m'manja mwathu. Kugwiritsanso ntchito kumatalikitsa moyo wa thumba, ndipo thumba limodzi logwira ntchito zisanu limapulumutsa ena anayi amene akanagulidwa, koma sikufafaniza tsiku lomaliza. Chimene amayi amachita n'chosavuta. Matumba amene akudikira ntchito amapindidwa n'kupachikidwa kudenga m'chipinda, kutali ndi dzuwa ndi makoswe. Makatani a khola amachotsedwa akangoyamba kuyera, asanafike pofumbutuka. Zotsalira zimaunjikidwa m'thumba limodzi lomangidwa pakamwa, ndipo pamene linali kudzaza anazitsindira m'maziko a khola latsopano la njerwa, kumene mbuzi kapena khasu sizidzazipeza.

Tsopano tengani thumba lililonse la chakudya cha ziweto limene lili pafupi nanu, muwerenge zolembedwapo. Mupeza dzina la kampani, mtundu wa chakudya, kuchuluka kwa zomanga thupi, kulemera kwake, mwina ndi tsiku limene chinapangidwa. Ku Malawi ndi ku Zambia pafupifupi zonsezi zili m'Chingerezi, ku Mozambique m'Chipwitikizi. Zonse zikunena za masiku ochepa amene thumba lili ndi chakudya. Za miyezi yambiri imene lidzakhale m'manja mwa amayi, ana ndi aganyu, pamene lingathe kudwalitsa, kunamiza kapena kupha ziweto, palibe liwu ndi limodzi lomwe. Nzeru ya nthawi imeneyo ikuyenda pakamwa pokha, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, ndipo ikufika pokhapo pamene pali mayi woidziwa. Woyamba kumene kuweta nkhuku ku Area 25 ku Lilongwe kapena ku Kanyama ku Lusaka, amene anakulira m'tauni, amaiphunzira nkhuku zitafa.

Timadandaula kawirikawiri kuti chinenero chathu chikusowa malo m'zolembedwa, ndipo maganizo athu amathamangira ku mabuku, nyuzipepala ndi kompyuta. Komatu thumba ndi tsamba limene limafika kumene nyuzipepala sinafikepo. Limalowa m'nyumba, limapachikidwa pabafa, limayang'anidwa tsiku ndi tsiku ndi anthu amene chaka chimatha asanagwire buku. Pansi pa chithunzi cha tambala pali malo okwanira ziganizo zinayi. Chapani ndi kuyanika thumba ili musanasungiremo chakudya cha anthu. Likalowa m'khola lisabwererenso ku chakudya, ndipo lisapite kukhola la mnzanu. Makilogalamu 50 olembedwa apa ndi a chakudya cha nkhuku chokha, chimanga yezani pa sikelo. Musayatsire moto, ndipo musalisiye pamene ziweto zingalitafune.

Ziganizo zimenezi wa ku Kasungu, wa ku Katete ndi wa ku Angónia angazimve popanda womasulira, kaya chinenerocho amachitcha Chichewa kaya Chinyanja, kaya iye amati thumba kaya saka. Mtengo wake kwa wopanga chakudya ndi inki yochepa. Pakati pathu pali alangizi a ziweto, aphunzitsi, ogulitsa m'masitolo a zaulimi ndi ogwira ntchito m'makampani opanga chakudya cha ziweto. Amene muli ndi khomo lolowera kumeneko, tengani ziganizozi, muzikonze kuti zigwirizane ndi kalankhulidwe ka kwanu, muzipereke kwa amene amasankha zodinda pathumba. Enafe tingayambe ndi kuzinena kwa mnansi amene wangogula anapiye ake oyamba, thumba lake loyamba lisanathe.